Deep Purple: mipando isanu, anthu 15, ng'oma za munthu mmodzi

Chiyambire 1968, anthu 15 akhalapo mamembala a Deep Purple, gulu la ku England limene pamodzi ndi Led Zeppelin ndi Black Sabbath linayala maziko a nyimbo za hard rock ndi heavy metal. Mipando m'gululi ndi isanu, ndipo sinayambe yawonjezeka: woyimba, wa gitala, wa besi, wa limba ndi wa ng'oma. Pa gitala padutsa anthu asanu, pa maikolofoni anayi, pa besi atatu, pa limba awiri. Pa ng'oma pakhala munthu mmodzi yekha, Ian Paice. Otsatira gululi amawerenga mibadwo yake ndi mayina akuti Mark I, Mark II, mpaka Mark IX wa masiku ano, ndipo chimene chimasokoneza ongoyamba kumene n'chakuti Mark II anabwera katatu: 1969 mpaka 1973, 1984 mpaka 1989, kenako 1992 mpaka 1993. Anthu ake omwewo asanu, kukangana kwake komweko.

Kusinthasinthaku kunali m'maganizo a woyambitsa. Chris Curtis, amene kale ankaimba ng'oma mu The Searchers, ankafuna gulu lotchedwa Roundabout limene oyimba azilowa ndi kutuluka mmene afunira. Anapeza amalonda oika ndalama, Tony Edwards ndi John Coletta, anapezanso Jon Lord wa limba ndi Ritchie Blackmore wa gitala, koma mwini wakeyo anagwa m'njira gulu lisanaimbe n'komwe. Otsalawo anatenga Nick Simper pa besi, ndipo kuchokera ku gulu la The Maze anatenga woyimba Rod Evans ndi Paice, mnyamata wa zaka 19 woimba ng'oma ndi dzanja lamanzere. Anayamba kuonekera pagulu ku Denmark mu Epulo 1968. Dzina la Deep Purple linachokera ku nyimbo yakale imene agogo ake aakazi a Blackmore ankaikonda.

Mark I anatulutsa zimbale zitatu pasanathe chaka ndi theka. Nyimbo yawo "Hush", yopekedwa ndi Joe South, inafika pa nambala 4 ku America, pomwe kwawo ku Britain anthu sankawalabadira n'komwe. Vuto linali lakuti ankadziwika ndi nyimbo za eni ake, ndipo kampani yawo ya ku America, Tetragrammaton, inali ikumira m'ngongole. Blackmore, Lord ndi Paice anagwirizana kuti nyimbo ziyenera kulemera ndi kukwera phokoso, ndipo mawu ofatsa a Evans sakanatha kupyola gitala ndi limba zokuzidwa motero. Anakaona gulu la Episode Six, natengako Ian Gillan ndi mnzake wopeka naye nyimbo, Roger Glover wa besi. Kachitidwe kake kanali kosayenera: anajambula nyimbo mwamseri ndi anthu atsopanowo Evans ndi Simper akadali m'gulu, akuimba nawo m'maphwando osadziwa kuti mipando yawo yapita kale. Simper anakasuma, ndipo nkhaniyo inatha atalandira ndalama zoperekedwa kamodzi m'malo mwa gawo lake la m'tsogolo. Zimbale zimenezo zikugulitsidwabe mpaka lero.

Chimene chinapangitsa Mark II kumveka chomwecho

Chimbale choyamba chimene Mark II anatulutsa sichinali hard rock ayi. Pa 24 Seputembala 1969 anaimba ku Royal Albert Hall pamodzi ndi Royal Philharmonic Orchestra motsogozedwa ndi Malcolm Arnold, nyimbo yaitali yopekedwa ndi Lord yotchedwa Concerto for Group and Orchestra. Nyuzipepala zinayamba kulemba ngati kuti gululi ndi la Lord, ndipo Blackmore ndi Gillan sizinawasangalatse. Chimbale chotsatira, In Rock cha mu Juni 1970, chinali yankho lawo.

Kamvekedwe ka chimbalechi kali ndi zigawo zimene mungathe kuzilozera. Limba la Hammond mwachizolowezi limalumikizidwa ku sipika ya Leslie, imene ili ndi mbali zozungulira mkati ndipo imatulutsa mawu onjenjemera, ofewa, a m'tchalitchi. Lord analilumikiza ku ampulifaya ya gitala ya Marshall. Mawu ake anakhala okhakhala, olira ngati injini, olimba mofanana ndi gitala. Zotsatira zake n'zakuti gululi silinafunikenso gitala yachiwiri: Blackmore akamaimba solo, limba limagwira riff, kachidutswa kobwerezabwereza kamene nyimbo yatsamira, ndipo Lord akamaimba solo gitala imagwira. Nthawi zambiri awiriwa ankaimba riff imodzi pamodzi, n'chifukwa chake imamveka yonenepa kuposa mmene gitala imodzi ingatulutsire. Blackmore nayenso anali akusiya gitala ya Gibson ES-335 n'kutenga Fender Stratocaster, ya mawu akuthwa amene salowerera m'mawu a limba. Pansi pa zonsezi pali Paice, amene anakula akumvetsera oimba ng'oma a jazz ngati Buddy Rich. Samenya molemera ngati anzake a heavy metal, amavina nazo ng'omazo, ndipo n'chifukwa chake nyimbo zothamanga ngati "Highway Star" sizimveka zouma. Glover ntchito yake inali kusasuntha. Gillan anabweretsa kukuwa kwa mawu apamwamba kumene mumamva mu "Child in Time".

Kamvekedwe aka kanafika kutali. Magulu a Zamrock a ku Zambia a m'ma 1970, monga WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family, anakulira pa malekodi a rock a nthawi imeneyo, ndipo Deep Purple imatchulidwa kawirikawiri pakati pa magulu amene ankawamvetsera.

Chimbale cha Machine Head chinajambulidwa mu Disembala 1971 ku Montreux, ku Switzerland, pogwiritsa ntchito situdiyo ya mu lole ya gulu la Rolling Stones. Ankafuna kujambulira m'nyumba ya juga ya m'mphepete mwa nyanja ya Geneva, imene imatsekedwa m'nyengo yozizira. Pa 4 Disembala, woyimba wa ku America Frank Zappa akuimba mmenemo, munthu wina anawombera kudenga kamfuti koponya moto, nyumba yonse n'kupsa. Claude Nobs, mkulu wa chikondwerero cha jazz cha mumzindawo, anawapezera holo ya Pavilion, koma anthu oyandikana nayo anaitana apolisi chifukwa cha phokoso atangojambula maziko a nyimbo imodzi. Anasamukira ku Grand Hotel, imene inali yopanda alendo, n'kuika zida mumpita wa pakati pa zipinda, atatchinga ndi matiresi. Kuti akamve zimene ajambula ankayenera kudutsa m'zipinda ndi m'makonde mpaka kutsikira ku lole panja pozizira, moti posakhalitsa anasiya kupitako. Akamva kuti yatheka, ankapita pa nyimbo ina. Ichi ndi chifukwa chimodzi chimene chimbalechi chimamvekera ngati anthu asanu akuimba m'chipinda chimodzi, poti ndi mmene zinalilidi.

Nyimbo ya ku Pavilion ija ndiyo "Smoke on the Water", ndipo mawu ake amangofotokoza nkhani ya motowo. Eni ake sanaione ngati ya mtengo, anasankha "Never Before" kuti ndiyo ipite ku mawailesi. Inadzatulutsidwa payokha ku America mu 1973 n'kufika pa nambala 4. Kwa ophunzira gitala: ambiri amailakwitsa poimba nsambo imodzi kapena kukwapula ma power chord. Blackmore amakoka nsambo ziwiri nthawi imodzi ndi zala, manotsi awiri otalikirana masitepe anayi, mu kiyi ya G minor, ndipo limba limaimba zomwezo pansi pake.

Made in Japan, chojambulidwa ku Osaka ndi Tokyo pa 15, 16 ndi 17 Ogasiti 1972 ndi katswiri Martin Birch, n'chimene tingalangize munthu wofuna kumva gululi koyamba. Sanakonzemo kanthu m'situdiyo pambuyo pake, ndipo "Space Truckin'", ya mphindi zinayi ndi theka pa Machine Head, mmenemo imayandikira mphindi 20.

Ndalama, kutopa ndi atambala awiri

Gulu likamasweka anthu amathamangira kunena za makhalidwe, koma ndi bwino kuyamba ndi thumba. Ndalama za gulu lotere zimabwera m'njira zitatu: za maphwando, za kugulitsa zimbale, ndi za upeki, zimene zimapita kwa okhawo amene mayina awo alembedwa pansi pa nyimbo. Mark II ankalemba mayina onse asanu pa nyimbo iliyonse, zimene zinkatanthauza kugawana mofanana. Blackmore, amene ma riff ambiri ankachokera kwa iye, ankaona kuti akudyeredwa masuku pamutu. Gillan ndi Glover atachoka, kalembedwe ka onse asanu kanayamba kutha, ndipo gulu litabwererana mu 1984 nyimbo pafupifupi zonse za chimbale chatsopano zinalembedwa mayina atatu okha: Blackmore, Gillan, Glover.

Kenako kutopa. Pakati pa 1970 ndi 1973 anatulutsa zimbale zinayi za m'situdiyo uku akuzungulira America, Ulaya ndi Japan osapuma. Gillan anadwala matenda a chiwindi mu 1971 ulendo wa ku America n'kuimitsidwa, Blackmore anadwala omwewo mu 1972. Mamanijala sanawapatse tchuthi, chifukwa imeneyo ndiyo inali nthawi yokolola. Pojambula Who Do We Think We Are, Gillan ndi Blackmore sankamwerana madzi, aliyense ankabwera ku situdiyo nthawi yake kuti asakumane. Atambala awiri salira m'khola limodzi. Gillan analemba kalata yosiya ntchito kumapeto kwa 1972, koma anamaliza maphwando amene anali atasainidwa kale mpaka ku Osaka pa 29 Juni 1973. Glover sanalakwe kanthu. Blackmore ananena kuti akhala pokhapokha wa besi asinthidwenso, ndipo Glover atazimva kwa manijala anachoka yekha asanamuchotse.

Mark III ndi chitsanzo cha kusintha kumene kunatheka. Anatenga Glenn Hughes wa gulu la Trapeze, wa besi amenenso ndi woyimba wa mawu apamwamba. Ankafuna Paul Rodgers wa gulu la Free kuti akhale patsogolo, koma anakana, anali akuyambitsa Bad Company. Analengeza m'nyuzipepala ya Melody Maker, ndipo pa matepi amene anabwera anasankha ya David Coverdale, mnyamata wosadziwika wogulitsa m'sitolo ya zovala ku Redcar, kumpoto kwa England. Mawu awiri, a Coverdale okhuthala a blues ndi a Hughes owuluka pamwamba, anapatsa chimbale cha Burn cha mu 1974 kamvekedwe kakekake, osati kotsanzira Gillan. Pa 6 Epulo chaka chomwecho anaimba ku California Jam pamaso pa anthu pafupifupi 250,000, kumene Blackmore anaphwanya kamera ya wailesi yakanema ndi gitala n'kuphulitsa maampulifaya ake.

Koma anthu atsopano amabwera ndi zokonda zawo. Hughes ndi Coverdale ankakonda funk ndi soul, ndipo pa Stormbringer zimenezi zinachuluka mpaka Blackmore kunyansidwa. Anzakewo atakana kujambula nyimbo ya gulu la Quatermass imene iye ankaifuna, anakaijambula ndi Ronnie James Dio ndi gulu la Elf, ndipo kumeneko n'kumene kunabadwira gulu lake latsopano la Rainbow. Anatsanzika ku Paris pa 7 Epulo 1975.

Mark IV ndi nkhani yomvetsa chisoni. Tommy Bolin wa ku America, amene analowa m'malo mwa Blackmore pa gitala, anali katswiri weniweni, anali ataimba pa chimbale cha Billy Cobham cha Spectrum komanso mu James Gang, ndipo Come Taste the Band ndi chimbale chabwino kuposa mbiri yake. Chimene sanachidziwe pomulemba ntchito n'chakuti ankagwiritsa ntchito heroin, pomwe Hughes naye anali atamira mu cocaine. Ku Jakarta mu Disembala 1975 mmodzi wa antchito awo anafa atagwera m'dzenje la chikepe cha mu hotela, ndipo ku Japan Bolin anakwera pa nsanja dzanja lake litachita dzanzi, moti Lord ndiye ankaimba mbali zambiri za gitala pa limba. Anthu m'maholo ankakuwa dzina la Blackmore. Pa 15 Malichi 1976 ku Liverpool zinafika pa mwana wakana phala, ndipo mu Julayi analengeza kuti gulu latha. Bolin anamwalira ku Miami pa 4 Disembala 1976 ali ndi zaka 25.

Dzina ndi la ndani?

Zaka zisanu ndi zitatu zotsatira anthuwa ankangosinthana magulu. Lord ndi Paice anakalowa mu Whitesnake ya Coverdale. Glover, yemwe uja anachotsedwa chifukwa cha Blackmore, anakaimba besi ndi kujambula zimbale mu Rainbow ya Blackmore yemweyo kuyambira 1979. Gillan anali ndi gulu lake, kenako anaimba chimbale chimodzi ndi Black Sabbath mu 1983.

Mu 1980 anthu ena okonza maphwando ananyengerera Rod Evans kuti ayende ku Mexico, America ndi Canada ndi oyimba osadziwika pansi pa dzina la Deep Purple. M'malo ena anthu anachita zipolowe atazindikira kuti agulitsidwa mphaka m'thumba. Mamanijala ndi mamembala akale anakasuma ku Los Angeles, ndipo khoti linagamula kuti alipidwe ndalama zopitirira 670,000 za ku America. Evans analibe ndalama zoterozo, choncho anataya gawo lake la zimbale zitatu zoyambirira. Kuchokera pamenepo sanaonekenso pagulu. Mlanduwu unaonetsa poyera kuti kukhala woyambitsa gulu sikupatsa munthu umwini wa dzina. Dzina ndi katundu wolembetsedwa, ndipo limatsala ndi amene ali nalo pa pepala.

Mark II anabwererana mu Epulo 1984. Perfect Strangers, chojambulidwa ku Stowe m'boma la Vermont, chinagulidwa kwambiri, ndipo ulendo wake unali umodzi wa maulendo opindulitsa kwambiri ku America mu 1985. Mtendere unatha ndi chimbale chachiwiri, The House of Blue Light. Gillan anachotsedwa mu 1989, m'malo mwake munalowa Joe Lynn Turner amene anaimbapo mu Rainbow. Slaves and Masters cha mu 1990 chinamveka ngati Rainbow yovala dzina lina, poti atatu mwa asanuwo anali a kumeneko. Pokonzekera zaka 25 za gululi, Lord, Paice, Glover ndi a kampani anaumirira kuti Gillan abwerere. Anabwerera, nalemba mawu atsopano pa nyimbo zimene zinali zitayambidwa kale ndi Turner, ndipo chimbalecho anachitcha The Battle Rages On, dzina losabisa kanthu. Ku Birmingham pa 9 Novembala 1993 Blackmore anachedwa kukwera pa nsanja, atakwera n'kuponyera madzi wojambula kanema. Pa 17 Novembala ku Helsinki anaimba komaliza, matikiti a ku Japan atagulitsidwa kale.

Apa m'pamene gululi linaphunzira kusintha munthu popanda kudzivulaza. Joe Satriani, wa gitala wa ku America, anaphunzira nyimbo zonse pomvetsera matepi, n'kukwaniritsa maphwando a ku Japan mu Disembala 1993 ndi a ku Ulaya mu 1994. Sakanakhalitsa chifukwa cha mgwirizano wake ndi kampani ina, koma anaonetsa kuti anthu angalipire kudzaona Deep Purple yopanda Blackmore, zimene mu 1976 zinakanika. Anamulowa m'malo Steve Morse wa magulu a Dixie Dregs ndi Kansas, munthu wofatsa wa kaimbidwe kosiyana kotheratu, wokhudza notsi iliyonse ndi piki, wosakaniza country ndi jazz. Sanayese kukhala Blackmore wachiwiri. Ankaimba ma solo odziwika monga a "Highway Star" pafupi ndi mmene anthu amawadziwira, kwinako n'kuimba zake. Purpendicular cha mu 1996 chili ndi mayina onse asanu pa nyimbo iliyonse, monga zinalili mu 1970. Morse anakhala zaka 28, kuposa zaka zonse za Blackmore m'gululi kuziphatikiza. Blackmore kuyambira 1997 amaimba nyimbo za makedzana a ku Ulaya ndi mkazi wake Candice Night mu Blackmore's Night.

Kuchoka kwa Lord mu 2002 kunali koopsa kuposa kwa wina aliyense, chifukwa limba lija ndilo limasiyanitsa gululi ndi ena onse. Anachoka mwamtendere, akufuna nthawi yopeka nyimbo za okestra. Don Airey, amene anaimbapo ndi Rainbow ndi Ozzy Osbourne, anali atamugwirira kale ntchito mu 2001 pamene Lord ankavutika ndi bondo, choncho analowa akudziwa nyimbo. Lord anamwalira pa 16 Julayi 2012 ali ndi zaka 71, atadwala khansa ya kapamba. Mark VIII, wa Gillan, Glover, Paice, Morse ndi Airey, anakhala zaka 20 osasintha munthu, ndipo kuyambira Now What?! cha mu 2013 akhala akujambula ndi katswiri wojambula nyimbo Bob Ezrin. Morse anachoka mu Julayi 2022 kuti akasamale mkazi wake amene ankadwala khansa. Simon McBride wa ku Belfast, amene anali ataimbapo ndi Airey ndi Gillan, anayamba ngati wogwirizira, kenako anakhazikika. Chimbale chotchedwa =1 cha mu Julayi 2024 ndi cha nambala 23 pa zimbale zawo za m'situdiyo.

Funso lakuti membala weniweni ndani linabukanso mu 2016, pamene gululi linalowetsedwa mu Rock and Roll Hall of Fame, malo a ku America olemekezera akatswiri a nyimbo za rock. Analemekezedwa anthu asanu ndi atatu: Blackmore, Lord, Paice, Gillan, Glover, Coverdale, Hughes ndi Evans. Simper, amene anaimba pa zimbale zitatu zomwezo ndi Evans, anasiyidwa, ndipo n'zovuta kupeza chifukwa chomveka. Morse ndi Airey anaimba pa mwambowo koma sanalandire ulemuwo, ngakhale Morse anali atatha kale zaka zoposa 20 m'gululi, pomwe Coverdale ndi Hughes anakhalamo zaka zitatu. Blackmore ndi Evans sanabwere.

Kusinthaku kumaonekeranso pa ndandanda ya nyimbo za paphwando. Gillan amaimba "Hush" ya nthawi ya Evans, koma sakhudza nyimbo za Coverdale ndi Hughes, moti mukapita kukaona Deep Purple lero simudzamva "Burn" kapena "Mistreated". "Child in Time" anaisiya cha mu 2002, mawu apamwamba aja atayamba kumulemera, ndipo wakana kuitsitsa kiyi. Nyimbo za Mark III ndi IV zinapeza kwina kokhala: Coverdale anazijambulanso ndi Whitesnake pa The Purple Album mu 2015, ndipo Hughes kuyambira 2017 wakhala akuyenda ndi gulu lake akuimba zimenezo, dzina la Deep Purple likulembedwa pa chikwangwani ngati dzina la nyimbo zimene adzaimbe, osati la gulu.